Anakumana Kuti Atatuwa?

Uthenga unatipeza tili pamphasa, thukuta lili kamukamu. A Kochi Brandvold anayang'ana foni yawo, anapukuta magalasi, n'kuyang'ananso, ngati kuti mawuwo asintha akawapatsa mpata. Kenako anaimba wenzulo n'kutiuza kuti tivale masiki, tikhale pansi motalikirana. Anyamata atatu a timu yathu ya masewera ogwetsana anali atapezeka ndi korona: Dorsey Mabry, Lito Quintero ndi Cass Pelletier.

Palibe anafunsa ngati akudwala kwambiri. Ngakhale ine kaputeni wawo sindinafunse. Tonse tinamva chinthu chimodzi basi, nambala ija. Koleji yathu itatiitana kuti tibwerere kuchokera kumakwathu, komwe tinatha miyezi tikuphunzira pa kompyuta, inaika lamulo loti timu iliyonse yomwe mwapezeka odwala atatu nthawi imodzi iyambe yaima kwa masabata angapo. Akakhala awiri, mumapitiriza. Akakwana atatu, chitseko chimatsekedwa. Ndipo mpikisano wa chigawo, womwe umasankha opita ku mpikisano waukulu wa dziko lonse, unali mkati mwenimweni mwa masabata amenewo.

Ine ndine Wendell Haugen, ndipo chaka chimenecho chinali changa chomaliza pakoleji. Chaka chapitacho ndinali nditapambana kale kuchigawo. Tinali m'basi, ulendo wa ku mpikisano waukulu, pomwe anatiimbira foni kuti mliri wafika, tibwerere. Basi inatembenukira pamalo omwetsera mafuta. Bambo anga anali atasiya nkhumba zawo m'manja mwa mnansi, chinthu chimene sachita ngakhale pa ukwati wa m'bale wawo, n'kuuyatsa ulendo wautali kuti akandionere. Nawonso anatembenuka. Ndiye mukamva kuti tsiku limenelo ndinapsa mtima, dziwani kuti mkwiyo wake unali wakale.

Chimene chinatiimitsa mitu chinali ichi. Chibwerereni pakoleji, a Kochi anatigawa m'magulu atatu malinga ndi kulemera kwathu: opepuka, apakati ndi olemera. Gulu lililonse linali ndi nthawi yake pamphasa, khonde lake ku hositelo ndi tebulo lake kodyera. Opepuka ndi olemera sankakumana n'komwe. Dorsey anali wolemera kuposa tonse, chimunthu choti chikakwera galimoto, galimotoyo imapendekeka. Lito ndi Cass anali opepuka kuposa tonse. Nanga matenda anadumpha bwanji gulu langa la apakati, kuchoka kwa chimphona chija kukafika kwa tianyamata tija? Yankho linkaoneka limodzi: anakumana kwinakwake kumbali, ife tikudzimana.

Ndipo tinkadzimanadi. Chibwenzi changa chinali pakoleji pomwepo, koma tinkaonana pafoni ngati chili kutsidya la nyanja. Kawiri pa sabata tinkalawirira ku tenti ya kuseri kwa holo ya masewera kukayezetsa. Ankakupatsa kabotolo, umapita kumpanda, kufulatira anzako, n'kumalavulira momwemo mpaka malovu afike pa kamzere. Ukalephera kudzaza, tsiku limenelo sukhudza mphasa. Mphepo yozizira koopsa ya kuno ku Iowa ya mwezi wa Febuluwale ikukumenya m'makutu, iwe uli chiimire, kulavula ngati wameza ntchentche. Tikachoka pamenepo tinkalunjika ku sikelo ya a Kochi. Zonsezo tinazipirira popanda kung'ung'udza, kuti wina akativulaze chifukwa cha mowa wa m'zitini.

Madzulo omwewo gulu lathu la pafoni linasanduka bwalo la milandu. Wina anati anamuonapo Cass akutsika masitepe a kuseri atavala malaya abwino. Wina anakumbukira kuti Lolemba lina Dorsey ankanunkha mowa. Mnzake anamutsutsa kuti amenewo ndi mankhwala opaka m'manja, masiku ano aliyense amanunkha choncho, ngakhale abusa. Kenako wina analemba kuti tisaiwale kuti bambo a Lito amagwira ntchito ku fakitale ya nyama, komwe matendawa anakolera koopsa, ndiye mwina mwanayo anapita kwawo mozemba. Mawu amenewo anandinyansa, koma anandilowanso m'mutu. Atatuwo anali pagulu pomwepo, ankawerenga zonse, koma sanayankhe ngakhale liwu limodzi. Kukhala chete kwawoko tinakuwerenga ngati kuvomera.

M'mawa mwake ndinapita koimika magalimoto a ophunzira. Chipale chofewa chinali chitagwa sabata yonse, ndipo galimoto yomwe sinayende inali itakwiririka mpaka magalasi. Yanga inali mulu woyera. Ya Cass chimodzimodzi. Dorsey analibe galimoto. Koma kagalimoto kofiira ka Lito kanali mbee, kopanda chipale ngakhale padenga, magalasi owala, pansi pake madzi ataundana. Ndinaima pamenepo manja m'thumba. Ndinajambula chithunzi, koma sindinatumize kwa aliyense.

Chinandiwawa kwambiri chifukwa Lito ndinkamukonda. Anabwera pakoleji ali wolemerako pang'ono, ndipo pa kulemera kwakeko panali kale mwini malo. Malo a opepuka kwambiri ndiwo anali opanda munthu. Ndine ndinamuuza kuti akataya mapaundi angapo, malowo ndi ake. Anataya. Ankayenda ndi kapu m'manja, akutafuna chingamu chowawasa n'kumalavulira m'kapumo monga timachitira tonse sikelo ikayandikira, milomo itang'ambika, koma akuseka. Kwawo anali woyamba kuponda pakoleji, ndipo chimene chinamubweretsa ndi masewerawa. Munthu wotere angaike zonsezo pamoto chifukwa cha phwando? Mutu unkakana, koma galimoto ija inali mbee.

Kenako analowererapo mayi Renner, oona za mwambo wa ophunzira. Anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa, wokonda kukusiya ulankhule mpaka udzikole wekha. Anatiitana mmodzimmodzi. Aliyense akatuluka mu ofesi yawo, enafe tinkamuyang'ana kumaso kuti tione ngati wanena kanthu, iyenso ankatiyang'ana kuti aone ngati tamunenera kanthu. Anyamata oti takhala tikupanikizana makosi zaka zingapo tinayamba kulankhulana ngati alendo a pa depoti. Ngati atatu anapita ku phwando, ndani angatsimikize kuti kunalibe wachinayi? Ine ndemwe ndinayamba kumvetsera zitseko za pakhonde lathu, kuti ya ndani ikutseguka ndipo akulowera kuti.

Lamlungu masana ndinalephera kupirira. Odwala ankawabindikiritsa mu hositelo yakale ya kumapeto kwa koleji, pafupi ndi munda wa chimanga womwe nthawi imeneyo unali ziputu zokhazokha. Kulowa kunali koletsedwa, koma kuima panja pa zenera palibe anakuletsa. Ndinamva kuti Lito anamuika chipinda chimodzi ndi Dorsey, pansi, pomwe Cass anamupatsa chake yekha kumtunda. Ndinaumba kampira ka chipale n'kugenda zenera.

Lito anatsegula pang'ono. Anali ndi botolo la chiponde m'manja, supuni ili kukamwa.

"Eee, bwana kaputeni. Mwabwera kudzazonda matenda? Nanga malalanje ali kuti?"

"Usandiseke, Lito. Munali kuti?"

"Liti?"

"Ukudziwa. Iweyo, Cass ndi chimunthu chili kumbuyo kwakocho. Munakumana kuti?"

Anayang'ana m'botolo muja ngati yankho lili pansi pake. Kenako anayamba kudandaula za fungo, kuti masokosi a Dorsey angathe kupha khoswe, kuti ndikauze akuluakulu amusamutse asanafe ndi zina osati korona. Kumbuyo kwake kunamveka mawu a Dorsey, osasa, akuti iye sakumva fungo lililonse, kwa iye m'chipindamo muli maluwa okhaokha. Anafuna kuseka koma chifuwa chinamugwira, chifuwa chouma chochokera pansi penipeni, ndipo chinatenga nthawi kuti chimusiye.

Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa Lito chithunzi cha galimoto yake. Ndinamuuza kuti akapanda kundiuza zoona, chithunzicho chikafika kwa mayi Renner.

"Aise, ukunena zoona? Wakhala ukuzonda magalimoto?" anatero. "Galimoto ija sinasunthe chibwerereni. Chipinda chotulutsira thukuta anatseka, ukudziwa. Ndiye ndimavala mapulasitiki ndi majuzi atatu, ndimalowa m'galimoto, ndimayatsa chotenthetsera mpaka kumapeto, n'kukhala momwemo ngati mbatata. Chipale chimasungunuka chokha. Kaone matayala ngati pali mkukuluzi."

Sindinayang'ane matayala tsiku lija. Manyazi anandigwira, koma manyazi ndi mkwiyo zimayendera limodzi, ndiye ndinangokweza mawu. Ndinamuuza kuti chabwino, galimoto tiisiye, koma matenda sauluka kudumpha makoma. Ndinamukumbutsa za basi ija inatembenuka, ndinamuuza kuti iye ali ndi zaka zina kutsogolo pomwe ine ndilibe. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kubwereza.

Dorsey ndiye anadzuka. Anabwera atadzifunda bulangete, n'kuima patali ndi zenera, maso ofiira, ndevu zosameta.

"Muuze, mwana iwe," anatero. "Ukapanda kumuuza ndimuuza ndine. Ndatopa nazo."

Lito anaika botolo pansi. Ndipo anandiuza, akuyang'ana munda wa ziputu uja osati ine.

Phwando kunalibe. Tsiku loyezetsa linali lomwelo lokwera sikelo. Munthu amene wakhala osamwa madzi kuyambira dzulo lake, amene walavula m'kapu usiku ndi usana kuti achotse kolemera kotsala, akafika ku tenti m'kamwa mumakhala mouma gwa. Lito ankaima kumpanda kuja mpaka zala kuuma, kabotolo kali ndi thovu lokha pansi. Kawiri anabwezedwa osakhudza mphasa. Akanamwa madzi, akanadzaza kabotolo koma sikelo ikanamukana. Cass vuto lake linali lomwelo. Tsiku lina Dorsey, yemwe sanatayepo paundi chibadwire, yemwe amadya mazira ndi nyama m'mawa uliwonse, anawaona akuvutika, poti ku tenti kokhako magulu onse ankafika nthawi imodzi. Anaima pafupi ndi pomwe pamathera tenti, pamene pankaimikidwa galimoto ya okonza mabwalo, n'kutambasula dzanja kumbuyo. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse loyezetsa Dorsey ankadzaza timabotolo titatu.

"Ndinkangothandiza ana," anatero Dorsey. "Malovu ndili nawo ambiri, aise. Ndinkadziwa bwanji kuti tsiku lina adzakhala oipa?"

Komwe anawatenga matendawo iye sankadziwa. Mwina ku kalasi ya sayansi, komwe ankagwira zipangizo limodzi ndi ena. Koma wodwala anali mmodzi, ndipo mayina atatu anatuluka m'kamwa mwa munthu mmodziyo.

Ndinayang'ana Lito, kenako bedi lake, lomwe linali pafupi ndi la Dorsey moti akanatha kugwirana manja. Ndinamufunsa ngati ali bwinobwino m'mutu, kugona m'chipinda chimenecho ali wamoyo.

"Nanga ndikanati chiyani? Kuti pepani, malovu aja si anga?" anatero. "Ngati n'kutenga, pofika pano ndatenga kale. Wendell, usakanene. Chonde, mkulu wanga. Adadi anakhoma chithunzi changa kuntchito kwawo, pachitseko cha kabati yawo."

Sindinamulonjeze kanthu. Ndinatembenuka n'kumapita, ndipo zoona zake n'zakuti mtima wanga unkavina. Ngakhale Lito akanakhala kuti watengadi, Cass anali yekha kumtunda, wamoyo ngati nsomba. Odwala sakanapitirira awiri. Ndikangotsegula pakamwa, akawayezanso, chitseko chitseguka, tikwera basi. Ndinayamba kuyenda mofulumira, kenako ndinkathamanga ndithu, chipale chikulira pansi pa nsapato.

A Kochi ndinawapeza m'chipinda chathu chamasewera, okha, akukolopa mphasa zomwe palibe ankazigwiritsa ntchito. Ndi bambo wa makutu opindikapindika monga alili onse amene akulira m'masewerawa, wosakonda mawu ambiri. Ndinangoti, "A Kochi, ndachokera kwa Lito," iwo n'kukweza dzanja.

"Ima kaye, mwana wanga. Chilichonse chimene undiuze, ine ndiyenera kukachitula kwa mayi Renner. Ndi ntchito yanga. Ndiye yamba waganiza."

Anaviika chokolopera mu ndowa, anachifinya bwinobwino, n'kupitiriza. Ananena, ngati akulankhula ndi mphasa, kuti iwo anatsitsapo thupi zaka zambiri ali mnyamata, ndipo amadziwa mmene lilime limakhalira m'mawa wa sikelo. Anati sabata zapitazo anadabwa kuona tianyamata tawo topepuka tikubweza timabotolo todzaza mofulumira chotere, koma anasankha kuyang'ana kumbali, ndipo zimenezo adzazisenza okha. Apa m'pamene ndinazindikira kuti galu wamkota uja anali atanunkhiza kale zonse, tsiku lomwe uthenga unafika.

Kenako anandiyalira zilango zake. Wopezeka kuti anasonkhana ndi anzake mozemba amachotsedwa pa masewera chaka chimenecho n'kutumizidwa kwawo kuti akamalize maphunziro pa kompyuta, koma chaka chamawa amabwerera. Wopezeka kuti anachita chinyengo poyezetsa amachotsedwa sukulu, osadzabwereranso, ndipo nkhaniyo imamutsata kulikonse komwe angakapemphe malo. Mayi Renner sanali wopusa. Anali atafufuza pakoleji ponse ndipo sanapeze munthu ngakhale mmodzi amene anamva za phwando. Anali atayamba kufunsa a zoyezayeza ngati angathe kudziwa kuti timabotolo titatu tachokera kwa munthu mmodzi.

"Akufuna kukuona mawa m'mawa, monga kaputeni," anatero a Kochi. "Sindikuuza choti ukanene. Ine mipikisano yanga ndinamenya, inatha. Iwe watsala ndi uwu wokha, ndipo ungathe kupambana. Ukakanena zoona palibe angakudzudzule, ngakhale ine."

Ndikanakonda akanandikalipira kapena kundilamula. Anandisiyira mtolo wonse n'kubwerera ku ndowa yawo.

Tsiku lonselo ndinakhala ndikudziweruza mlandu, ndipo ndinkapambana bwino. Anachita chinyengo ndi iwo, osati ine. Anaika anthu pa ngozi, chifukwa Lito kapena Cass akanadwaladi, palibe akanadziwa. Panalinso anyamata ena pa timu omwe sanalakwe kanthu, ena a chaka chomaliza ngati ine. Ndipo kumuchotsa Lito m'chipinda cha wodwala si chifundo kodi? Mfundo zonsezo zinali zoona. Chimene chinkandivuta n'chakuti nthawi iliyonse ndikazitchula, kumapeto kwake ndinkadziona ndekha ndili m'basi.

Ofesi ya mayi Renner inali yotentha, mipando itatalikirana. Anandifunsa za maphunziro, za kwathu, ngati nkhumba zimatenganso matendawa. Kenako anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Wendell, ndikuuza mmene ndikuonera," anatero. "Anyamata atatu osakumana adwala tsiku limodzi. Awiri mwa iwo sanakhosomolepo n'kamodzi komwe. Ndafunsa aliyense za phwando, palibe akulidziwa, ndipo pakoleji yaing'ono ngati ino munthu sangatsegule chitini cha mowa osamveka. Ndiye pali ziwiri. Mwina pali malo amene anakumana omwe ine sindinawapeze, kapena pali china chimene chinachitika ku tenti. Ngati ndi chachiwiricho, timu yako ikhoza kubwerera pamphasa sabata ino. Ukundimva?"

Ndinawamva bwino lomwe. Anali atandiikira chakudya pakamwa, changa kunali kungotafuna. Ndinayang'ana kapeti. Ndinaganiza za Dorsey atatambasula dzanja kumbuyo kwa galimoto ija, chitsiru chachifundo. Ndinaganiza kuti amene anamuphunzitsa Lito kugona ndi ludzu ndi kulavula m'kapu ndi ife tomwe, akuluakulu ake, ndipo tinkamuwombera m'manja sikelo ikamuvomera. Ndinali ndidakali wokwiya nawo, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunathe wonse.

"Anakumana," ndinatero. "M'khola lakale la kuseri kwa munda wa chimanga. Loweruka lomaliza asanapezeke ndi matendawa."

"Anali angati?"

"Atatu omwewo."

Mayi Renner anandiyang'ana m'maso. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Ndikuganiza kuti ayi.

"Zimenezi unamva, kapena unaona?" anafunsa. "Ngati unangomva, sizindithandiza. Mphekesera ndamva zambiri sabata ino, ndipo ndipitiriza ndi a zoyezayeza."

"Ndinaona."

"Khola limenelo lili patali ndi msewu, ndipo lilibe mazenera. Kuti uone, uyenera kuti unali mkati."

Apa m'pamene ndinaona dzenje lomwe ndinali nditakumba, ndipo iwo anandipatsa mpata woti ndibwerere. Anandikumbutsa motsitsa kuti chilango chake n'chimodzi kwa aliyense amene analipo, kaputeni kapena ayi, ndipo kwa wa chaka chomaliza kulibe chaka chamawa. Anandifunsa ngati ndikufuna madzi. Ndinakana, ngakhale m'kamwa munali mouma.

"Ndinalimo," ndinatero.

Anavalanso magalasi awo. Anati ali ndi chisoni kumva zimenezo, ndipo nkhani yathera pomwepo, a zoyezayeza sawavutitsanso. Anandiuza kuti ndilongedze katundu pofika Lachisanu.

Nkhani inayenda msanga kuposa ine. Ndisanafike ku hositelo, gulu la pafoni linali litayaka kale. Anyamata omwe sabata yonse ankanditsata posaka wolakwa anapeza kuti wolakwayo ndi amene ankatsogolera kusakako. Wina analemba kuti n'chifukwa chake ndinkalimbikira kuloza ena chala. Wina anati anandionadi Loweruka lija ndikulowera kumunda, ndipo ena awiri anavomereza kuti nawonso anandiona. Pakhonde lathu zitseko zinkatsekeka ndikamadutsa. Chibwenzi changa chinandifunsa funso limodzi lokha, kuti kukholako kunali atsikana kapena ayi. Lito anandiimbira kangapo, sindinayankhe, chifukwa sindinkafuna kuthokozedwa ndipo ndikanamutukwana.

Chinatsala n'kuimbira kwathu, popeza kagalimoto kanga sikakanatha kunyamula katundu yense. Bambo anayankha ali kukhola, ndinkamva nkhumba zikulira kumbuyo kwawo. Anali atamva kale kuti timu yaimitsidwa, ndipo masiku onsewo ankandilimbitsa mtima kuti si vuto langa, munthu sungayankhire zochita za anzako. Ndinawauza kuti andichotsa pa timu ndipo ndikubwera kunyumba. Anafunsa chifukwa chake. Ndinawauza zomwe ndinauza mayi Renner, chifukwa bambo anga sadziwa kusunga bodza, ndipo akanadziwa zoona akanakwera galimoto tsiku lomwelo kukagogoda pa ofesi ija.



"Iweyo unalipo?" anafunsa.

"Ndinalipo, adadi."

"Ukudziwa kuti mpikisano wayandikira?"

"Ndikudziwa."

Ndinamva akutseka chitseko cha khola, phokoso la nkhumba n'kuchepa. Ndinadikira kuti akalipe, ndinali nditakonzeka. Koma anangopuma mozama, n'kunena kuti mnansi uja anali atavomera kale kudzawasungira ziweto pa sabata ya mpikisano, ndiye amuimbira kuti asavutike.

"Lachisanu ndibwera ndi pikiapu," anatero. "Ukandidikire panja ndi katundu wako. Sindikufuna kukumana ndi a Kochi ako, ndilibe nkhope yoti ndiwaonetse."